Samani M'thumba la Wometa

Pepala lija linamupeza wometa atangotsegula shopu. Inali samani ya kukhoti. Mayi a mwana wake, amene anasiyana nawo zaka zitatu zapitazo, anali atakadandaula kuti iye sakusamala mwanayo. Mtsikanayo anali atatha milungu iwiri ali pakhomo chifukwa cha fizi.

Wometa anapinda pepalalo n'kuliika m'thumba, koma mtima sunakhale m'malo. Woyamba kukhala pampando anali bambo wina wa imvi, amene kale anali kalaliki wa kukhoti. Makina atayamba kulira, mkuluyo anaona pagalasi kuti makinawo akulunjika kukhutu kwake.

"Achimwene, tazimitsani kaye. Makutuwa ndi awiri okha, ndilibe osinthira."

Wometa anatulutsa pepala lija. "Akufuna kundimangitsa, bambo. Chonsecho ine ndimathandizatu! Mwezi wathawu ndinatumiza nsapato. Ndipo mayiwo anakwatiwanso. Nanga mwamuna watsopanoyo ntchito yake n'chiyani?"

Kalaliki uja anavala magalasi ake, nawerenga mosapupuluma, mutu utametedwa mbali imodzi.

"Mwati mumathandiza. Mwanayu ndi wa ndani?"

"Wanga."

"Ndiye mukuthandiza ndani? Munthu amathandiza mwana wa mnansi, pamene zilipo. Wako umalera, zivute zitani. Ukwati umatha, achimwene, koma ubambo sutha ayi, ngakhale mayi ake atakwatiwa kawiri."



"Samaniyi si unyolo," anapitiriza mkuluyo. "Akukuitanani kuti mukamvedwe. Woweruza adzafuna kudziwa zimene mumapeza, zimene mayi ake amapeza, ndi zimene mwana akusowa. Nthawi zina amalamulanso kuti mkazi kapena mwamuna amene wasiyidwa alibe pogwira azipatsidwa kangachepe. Choopsa n'kusapita, kapena kunyozera chigamulo. Tsopano malizani mutuwu, ana angandiseke mumsewu."

Tsiku litakwana, wometa anapita. Woweruza atamufunsa kuti amapeza zingati, iye anayankha monga anazolowerera.

"Mitu khumi ndi iwiri patsiku, bwana, magetsi akakhalapo. Ya dazi ndimachotsera mtengo."

Anthu anafa nacho chiseko. Ngakhale mayi a mwana, amene analowa nkhope ili gwa, anabisa pakamwa ndi mpango. Atafunsidwa, iwo anati pa iwo eni sakufuna kalikonse, popeza amasoka zovala ndipo amadzidalira. Chimene ankafuna n'chakuti mwana abwerere m'kalasi, ndiponso asamadikire tsiku limene bambo ake adzuka bwino.

Woweruza anagamula kuti wometa azipereka gawo lake mwezi ndi mwezi, fizi azigawana, ndipo Loweruka lililonse mwanayo azikacheza kwa bambo ake. Potuluka, wometa anawayandikira mayi aja.

"Mayi ake, ndinkaganiza molakwa. Mundikhululukire."

"Zatha, bambo ake. Koma mwezi ukatha, usathe ndi inu nomwe."

Lolemba m'mawa, mtsikanayo anadutsa pashopu atavala yunifolomu, chikwama chili kumsana.

"Adadi, ndapita! Mumete mwachangu, chaka chamawa ndi sekondale!"

Wometa anaima pakhomo mpaka mwanayo atakhota pangodya, kenaka anaitana wotsatira ndi mawu okweza.

Makolo akasiyana, udindo wosamala mwana umakhalabe wa onse awiri, aliyense monga mwa mphamvu zake. Zikavuta kumvana, pitani kukhoti. Mukaitanidwa, musathawe.