Phiri la Kuseri kwa Guwa

Enelesi anatsika minibasi pa Kachulu atakumbatira chinsalu chokulunga ngati mphasa. Kondakitala anafuna kuchimangirira kumbuyo limodzi ndi madengu onunkha matemba, koma iye anakana, ndipo anachifungata ulendo wonse kuchokera ku Zomba.

Mpingo wawo unali utangomaliza kupaka laimu tchalitchi chatsopano, ndipo akulu ampingo anamupempha chithunzi cha phiri choti akakhome kuseri kwa guwa. Ankamudziwa ngati mtsikana wojambula maukwati. Zomwe ankachita pa laputopu yake sola ikadzaza batire sankazidziwa. Ulendo uno anatenga chithunzi cha phiri la Zomba lili mu nkhungu, n'kusanjikizapo mapiri a pachilumba cha Chisi, kenako ming'alu ya matope ya chaka chomwe nyanja inaphwa. Anakoka mizere, anasungunula m'mbali, n'kuthira kufiira kwa katondo ndi kubiriwira kwa mpunga wanthete. Pa laputopu chinkamukhazika mtima pansi. Koma atachiona chitasindikizidwa pa chinsalu, chachikulu ngati chitseko, anayamba kuchikayikira. Panalibe mtengo kapena mwala woti munthu angaloze.

Mlongo wake Makisoni anadzamuchingamira pa njinga. Atafika kunyumba anachitambasula pakhonde, Makisoni n'kuchiyang'anitsitsa.

"Achemwali, phirilo lili mbali iti?"

"Chonsechi ndi phiri."

"Ine sinditsutsa ayi. Koma anthu a kuno mukuwadziwa. Mwaiwala aphunzitsi aja?"

Sanaiwale. Aphunzitsiwo anali atakhoma zithunzi zachilendo m'nyumba mwawo, wina n'kuyambitsa mphekesera yoti n'za satana. Makolo analetsa ana kulowa m'kalasi mwawo, mpaka aphunzitsiwo anasamuka osatsanzika.

Loweruka masana Enelesi ananyamula chinsalucho kupita kutchalitchi. Anapeza a Wilisoni, mkulu wampingo, ali ndi anzawo a komiti, ndi amayi angapo amene ankasesa. Abambo awiri anachigwira m'makona n'kuchikweza, koma chozondoka. Enelesi analoza m'mphepete mwa chinsalucho.

"Pepani, kumwamba kwake n'uko."

Anachitembenuza. Matsache analeka kulira. Mayi Sophia, a kwaya, anasendera pafupi atatsinzinira diso limodzi.

"Apa pakatipa ngati pali nkhope," anatero chapansipansi, koma onse anamva.

"Nkhope ya ndani?" anafunsa mnzawo, akubwerera m'mbuyo.

Enelesi anaganiza za mayi ake ogulitsa mpunga pamsika, ndi makasitomala awo akuwalambalala. Anatulutsa foni, kenako anagwada pafupi ndi a Wilisoni.

"Bambo, taonani komwe zachokera. Ili ndi phiri la Zomba, ndinajambulira pamunda pathu. Awa ndi mapiri a ku Chisi. Chomwe akuti nkhopecho ndi ichi."

A Wilisoni anavala magalasi n'kuyang'ana nthawi yaitali, maso pa foni, maso pa chinsalu.

"Awa ndi matope a chaka chija?"

"Inde, bambo."

Anapereka foniyo kwa mayi Sophia. "Onani nokha, mayi." Kenako anatembenukira kwa onse. "Choipa palibe apa. Ndisamve munthu akutulutsa nkhani ina kunjaku." Anavula magalasi. "Koma mwanangu, ichi sitikhoma. Anthu azidzafunafuna nkhope abusa akulalikira. Utibweretsere chankhungucho monga momwe unachijambulira."

Enelesi anavomera n'kukulunga chinsalu chake. Mayi Sophia anamubwezera foni osamuyang'ana kumaso.

Lamlungu anachedwa dala, n'kukhala pa benchi yakumbuyo. Nthawi yonse ya nyimbo ankangoona ngati mutu uliwonse wotembenuka ukutembenukira iye. Mayi wina anasendeza mwana wake, ndipo Enelesi sanathe kudziwa ngati akumupatsa malo kapena akumutalikira. Potuluka, ambiri anamupatsa moni monga mwa masiku onse. Mayi Sophia anadutsa akucheza ndi a kwaya anzawo.

Kunyumba mayi ake anamuuza kuti chinsalucho asachikhome pabalaza, pomwe pamafika alendo. Anachikhoma kuchipinda kwake, kuseri kwa chitseko. Chithunzi cha nkhungu anachitumiza kwa osindikiza ku Zomba tsiku lotsatira, osasinthapo kalikonse.