Tiwale Sanapite Padera

Moni nonse amene mwatsegula tsamba lino, mtendere ukhale nanu. Tiyambe ndi kuyamika Mulungu amene watisunga mpaka lero, amenenso amapereka nzeru kwa otithandiza m'zipatala.

Tiwale ndi mwamuna wake Stephano amakhala ku Nsungwi, ku Area 25. Stephano amawotcherera mageti pafupi ndi msika, Tiwale amasoka zovala pakhonde. Anatha zaka zinayi m'banja opanda mwana.

Chaka chachiwiri cha ukwati, Tiwale anakhala miyezi itatu osasamba, thupi n'kuyamba kunenepa. Apongozi ake anabwera kuchokera ku Mponela, n'kumuyang'ana masaya.

"Imeneyi ndi mimba," anatero apongoziwo. "Ine ndabereka asanu ndi awiri, ndimadziwa. Kusikelo musathamangireko, anthu ali ndi maso oipa. Tiyambe tachita chisamba."

Amayi olangiza za mimba yoyamba anauzidwa tsiku. Kutatsala sabata imodzi, Tiwale anataya magazi ambiri kwa masiku khumi. Aliyense anati wapita padera, ndipo anthu anabwera kudzapepesa. Chaka chotsatira zinachitikanso chimodzimodzi.

Tsiku lina akuyanika zovala kuseri, Tiwale anamva apongozi akuuza mwana wawo kuti, "Mkazi wakoyu mimba sizikhala. Ikafika Khirisimasi zili chomwechi, tikupezera wina kumudzi." Stephano anangotuluka n'kubwerera ku mageti ake.

Patapita nthawi, msambo unasowanso miyezi iwiri. Sabata imeneyo kunabwera Mayi Tusekele, namwino wa ku Karonga wokhala mzere womwewo, kudzasoketsa bulauzi yoyera ya kumpingo.

"Achemwali, singano yakubayani kachitatu tsopano. Mtima uli kuti?" anafunsa Mayi Tusekele.

Tiwale anaweramitsa mutu. "Ndaimanso, amayi. Ikachoka iyi, nanenso ndichoka pakhomo pano."

"Mwayezetsa?"

"Ayi."

"Nanga ziwiri zija anakuyezani ndani?"

"Apongozi anaona."

Mayi Tusekele anaseka chapansipansi. "Ine ndagwira ntchito kusikelo zaka makumi awiri, koma mimba sindinaiyezepo pamasaya. Tandiuzani, musanakwatiwe munkasamba mwezi ndi mwezi?"

"Mwa apo ndi apo, kuyambira kusukulu. Anzanga ankati ndili ndi mwayi."

"Ndevu izi mumameta?"

Tiwale anabisa chibwano ndi dzanja. Ngakhale Stephano sankadziwa za lezala imene ankaibisa m'bokosi la ulusi.

"Musachite manyazi," anatero namwinoyo. "Msambo wosowasowa, kunenepa, ndevu, ziphuphu, kuda kwa khosiku, zonsezi zikakumana timaganizira vuto lotchedwa PCOS. Lili ndi amayi ambiri. Koma wonena zenizeni ndi dokotala. Mupite ndi bambo akunyumba."

Stephano atafika kudzadya masana n'kumva zimenezi, anakanda mutu. "Zachizimayi izi, ine ndikataniko?"

"Bambo, geti lija munandipangira, chitseko chimodzi chimatseka chokha?" anafunsa Mayi Tusekele. "Inunso akakuyezeni."

Lachiwiri anapita onse awiri kuchipatala chachikulu m'tauni. Anamuyeza Tiwale mkodzo ndi magazi, n'kumujambula m'mimba. Mimba munalibe.

"Mayi, muli ndi PCOS," anatero dokotala. "Mazira muli nawo ambiri, koma mahomoni a m'thupi mwanu sakuyenda bwino, ndiye dzira silikhwima n'kutuluka mwezi uliwonse. Msambo umachedwa, ndipo ukabwera umabwera wambiri. Za kale sindingalumbire chifukwa simunayezedwe, koma zikuoneka kuti simunapite padera. Unali msambo wochedwa."

Tiwale anagwira pakamwa, misozi ili mbwembwembwe. Zaka ziwiri anakhala akulira ana awiri, akumadziona ngati manda. Tsopano anamva ngati amutula mtolo wa nkhuni zaziwisi.

Stephano anapezeka kuti ali bwino. Dokotala anawauza kuti vutoli silitheratu, koma limagonja. Tiwale achepetseko thupi pang'onopang'ono, aziyenda tsiku lililonse, azilemba masiku a msambo pakalendala, ndipo ayambe kumwa mapiritsi a foliki asidi amene amamwedwa mimba isanabwere kuti ateteze mwana ku zilema. Anamupatsanso mankhwala othandiza thupi kugwiritsa bwino ntchito shuga.

Kusintha sikunali kophweka. Tiwale anazolowera tiyi wa masupuni anayi a shuga ndi mandasi atatu ali pamakina. Anasiya zimenezo pamodzi ndi zakumwa zotsekemera. M'malo mwa ufa woyera analowetsa mgaiwa, nyemba ndi masamba n'kuchuluka m'mbale. Kabaza anamusiya, kumsika ankapita wapansi akung'ung'udza nyimbo za kwaya. Stephano ankadandaula kuti tiyi akukoma ngati mankhwala a malungo, koma ankamwa naye.

Patatha miyezi isanu ndi umodzi, dokotala anamupatsa mankhwala othandiza dzira kutuluka, n'kumuchenjeza kuti asamagule yekha kapena kugawana ndi mnzake. Mwezi woyamba sizinatheke. Wachiwirinso ayi.

Khirisimasi inafika, apongozi anabwera. Atamuona Tiwale anakwinya nkhope. "Wawondatu uyu. Anthu ati tikumumana chakudya. Nanga nkhani ija?"

Ulendo uno Stephano anayankha. "Amayi, mkazi wanga sanataye mwana. Ali ndi vuto lodziwika ndipo akulandira thandizo. Tinalakwa ife pomuletsa kukayezetsa. Mwana abwere, asabwere, ndinalumbira kutchalitchi ndi uyu."

Apongozi anakhala pansi. Kenako anati, "Tiyi wopanda shugayo ndithirireniko, ndione mmene mukuzunzikira."

Mu Epulo, tsiku lolembedwa pakalendala linadutsa. Tiwale sanadikire maso a munthu. Anakayezetsa sabata yomweyo, ndipo namwino anamuonetsa mizere iwiri. Anayamba sikelo msanga, akumuyeza shuga ndi kuthamanga kwa magazi ulendo uliwonse. Khirisimasi yotsatira isanakwane anabereka mwana wamkazi, Pemphani. Tsiku lotuluka kuchipatala, amayi a Mvano anamuchingamira pamsewu, ndipo nyimbo anayambitsa ndi apongozi.

Abale anga, kusowa kwa msambo si mimba nthawi zonse, ndipo kuchedwa kubereka si temberero kapena ufiti. Ngati msambo wanu umasowasowa, kapena mwatha chaka mukufuna mwana osatheka, pitani kuchipatala nonse awiri. Yezetsani, tsatirani malangizo, ndipo musagule mankhwala pamsewu. Ena zimatenga miyezi, ena zaka, enanso amafunika thandizo loposa apa. Pemphero ndi chipatala sizilimbana. Ndipo inu achibale, mayi amene akudikira mwana akufunika dzanja lanu, osati mawu olasa.

Mulungu amene amamva kulira kwa mayi wosweka mtima akutonthozeni pamene mukudikira, akutsogolereni kwa okuthandizani oyenera, ndipo asunge banja lanu mu mtendere. Ameni.