Mahedifoni a Kwayamasitala

Kompyuta ija inafika ku Chilomoni Loweruka lina mu Okutobala 1998, itakulungidwa m'bulangete kumbuyo kwa pikapu. Anabwera nayo ndi Lumbani, mng'ono wake wa Kumbusko Msiska. Kuofesi kwa Lumbaniyo anali atagula zatsopano, zakalezo n'kugawira antchito. Kumbusko anaiika patebulo la pabalaza, pomwe pankakhala maluwa apulasitiki a mkazi wake Angela, ndipo kuyambira tsikulo palibe ankaloledwa kuika kapu ya tiyi pafupi.

Masana Kumbusko anali kalaliki pa kampani ina yosindikiza mabuku m'tauni. Koma mukanafunsa aliyense ku Chilomoni kuti Msiska ndani, akanakuuzani kuti ndi kwayamasitala. Kwaya ya kutchalitchi kwawo anali ataitsogolera zaka khumi ndi zinayi, ndipo chomwe ankatchuka nacho ndi khutu. Mwa anthu makumi atatu, mmodzi akangophonya pang'ono, iye ankaimitsa nyimbo n'kumuloza ndi chala.

Chaka chimenecho kwaya iliyonse yodzilemekeza inkatulutsa kaseti. Iwonso anakajambula nyimbo khumi pa situdiyo ina yaing'ono ku Chinyonga. Mwini wake, Willard, anapatsa Kumbusko kachimbale konyezimira kaja amati sidi.

"Kamvetsereni bwinobwino tisanachulukitse makaseti," anatero Willard. "Ndawaika mmene mumawaonera inu mukaima kutsogolo kwawo. Masopurano ndi matena kumanja, maalito ndi mabesi kumanzere. Koma musamvere pa timasipika ta kompyuta ayi, timanamiza. Pezani mahedifoni."

Lachiwiri masana Kumbusko anakwera minibasi kupita ku Limbe, kusitolo ya a Hussain, mkulu wogulitsa mawayilesi yemwe anabadwira ku Limbe komweko ndipo Chinyanja chake chinali choposa cha Kumbusko. A Hussain anayala mitundu itatu pa kauntala.

"Awa ndi a achinyamata oyenda ndi kawayilesi m'thumba," anatero, akukankhira pambali ena opepuka a masiponji. "Awa ndi okongola, koma besi yawachulukira, mungamve ngati muli m'minibasi ya ku Bangwe. Inu mukufuna kumva mawu a anthu? Tengani awa."

Anali akuluakulu, akuda, ophimba khutu lonse, ndi waya wopotanapotana ngati wa telefoni. A Hussain anawalumikiza ku wayilesi. M'sitolo munali phokoso, choncho Kumbusko anangogwira mbali imodzi n'kuigunditsa kukhutu lakumanja, monga ankachitira ndi foni kuntchito. Anamva mawu a muulutsi oyera ngati munthuyo waima pambali pake. Anagwedeza mutu. A Hussain anawonjezerapo kachitsulo kochepetsera pulagi, chifukwa bowo la kompyuta ndi laling'ono.

Atafika kunyumba dzuwa linali lisanalowe. Anagwada kuseri kwa kompyuta, napeza kabowo kobiriwira komwe Lumbani anamulozera, nalowetsa pulagi. Anakhala pampando, anavala mahedifoni, anaika sidi.

Masopurano analowa bwino zedi. Matena anatsatira. Kumanzere kunali zii, kupatula kaphokoso kakutali ngati anthu akuimba kuseri kwa phiri la Michiru.

Anatsegula pa sikirini pamene pali zokwezera mawu. Anakweza voliyumu. Anapeza kabatani ka balansi, kali pakati ndithu, koma anakakokera ndi mausi mpaka kumapeto kwa kumanzere. Nyimbo yonse inangotsala pang'ono kuzimiririka. Anakabwezera pakati. Anachotsa besi, anawonjezera tirebo, anabwezeranso. Anazula pulagi, anaiuzira, anaipukuta ndi malaya, anagwedeza waya pafupi ndi khutu. Palibe chinasintha.

"Andigulitsa zakufa," anauza Angela, yemwe ankasita yunifolomu ya mwana wawo Mwawi pakona.

"Mwina ndiyeseko ine, bambo a Mwawi?"

"Muyesa chiyani inu? Zimenezi zimafuna khutu."

Angela anapitiriza kusita.

Mawa lake a Hussain anamusinthira popanda mkangano. Atsopanowo, ochokera m'katoni yosatsegula, anachitanso chimodzimodzi. Kumbusko anaganiza kuti mwina vuto ndi kompyuta, anaitana Lumbani. Lumbani anabwera pa lanchi ali ndi changu, anavala mahedifoni kwa kamphindi, n'kunena kuti iye sakumva cholakwika chilichonse. Kumbusko anaseka. Lumbaniyo kuyambira ali mwana ku Rumphi sanaimbepo nyimbo n'kuimaliza pa kiyi yomwe anayambira.

Lachisanu anabwerera ku Limbe kachitatu, sidi ili m'thumba la jekete, mtima uli m'mwamba. M'sitolo munali makasitomala anayi. Anaponya mahedifoni pa kauntala.

"A Hussain, kodi mumatitenga ngati ndife ana? Kawiri konse kundipatsa zofa mbali imodzi! Ngati katundu wanu ndi wa feki, nenani!"

Makasitomala anatembenuka. A Hussain sanakweze mawu. Anapempha sidi ija, anaiika m'wayilesi ya masidi yomwe inali pashelefu, anavala mahedifoni. Anamvetsera atatsinzina mpaka ndime yoyamba inatha. Kenako anawavula pang'onopang'ono, n'kumuyang'ana Kumbusko nthawi yaitali.

"A Msiska, bwerani kuseri kuno."

"Ndilankhuleni pompano."

"Chabwino. Valani."

Kumbusko anavala. Kumanja masopurano, kumanzere zii.

"Mwamva? Kulibe kanthu kuno!" anatero mokuwa, akumenya mbali yakumanzere ndi chala.

"Tsopano atembenuzeni. Yakumanzere ipite kumanja."

Kumbusko anawatembenuza mwaukali, kuti nkhani ithe.

Maalito anamugwera m'khutu lakumanja ngati chitseko chatseguka mwadzidzidzi. Mabesi anali pomwepo kumbuyo kwawo, onse asanu ndi mmodzi, mpaka anazindikira kupuma kwa aliyense. Masopurano, amene anali kuimba kamphindi kapitako, anasowa. Kumanzere kunali zii monga kale.

Anawatembenuzanso. Masopurano anabwerera, maalito anapita. Anatembenuza kachitatu. Kenako anawavula, anatseka khutu lakumanja ndi chikhatho mwamphamvu. A Hussain anali kulankhula, milomo ikuyenda, ndevu zikugwedera, koma mawu ake ankafika ngati ochokera pansi pa madzi.

"Chiuta wane," anatero Kumbusko m'chinenero cha kwawo. Munthu wina anamukankhira katoni ya wayilesi, iye n'kukhalapo.

Sidi inkazungulirabe. Patapita nthawi anatambasula dzanja, anatenganso mahedifoni, anaika mbali ya maalito kukhutu lamoyolo. Chomwe anamva chinali choipa kuposa choyamba chija. Maalito sankaimba. Ankakuwa. Azimayi asanu ndi atatu ankakoka mawu kuchokera pakhosi, mitsempha ikuchita kumveka kuti yaima, ena mawu atasasa kale. Ankaphimba aliyense.

Ndipo anadziwa chifukwa chake. Kwa zaka ziwiri, Lachitatu ndi Loweruka lililonse, iye ankatembenukira kumanzere kwake n'kukalipa: "Maalito, simunadye? Kwezani!" Iwo ankakweza. Iye ankati sizikukwana. Mu Juni, Betty Namaona, yemwe ankatsogolera maalito kuyambira ali mtsikana, anaika pansi buku la nyimbo n'kunena pamaso pa onse kuti, "A Msiska, tikukuwa kale. Kupitirira apa ting'amba kukhosi." Kumbusko anamuuza kuti kwaya ili ndi kwayamasitala mmodzi, ndipo ngati akudziona kuti amamva bwino kuposa iye, chitseko ndi icho. Betty anatuluka. Ku situdiyo anakajambula popanda iye.

"Pepani, a Hussain," anatero Kumbusko, maso ali pansi. "Ndakunyozani pagulu."

"Zimenezo zisiyeni. Pitani kuchipatala. Mahedifoni tengani, alibe vuto."

Mmene anakwerera minibasi Kumbusko sankakumbukira. Anatsika pa siteji ya Chilomoni cha m'ma folo, anapeza Angela akuanula zovala kuseri kwa nyumba. Anaima pafupi ndi chingwe, katoni ya mahedifoni ili m'khwapa.

"Mayi a Mwawi, khutu langa lakumanzere silikumva."

Ankayembekezera kuti mkaziyo agwetsa zovala. Angela anangopinda thaulo, analiika m'beseni.

"Ndikudziwa," anatero.

"Mukudziwa?"

"Kuyambira muja munadwala chaka cha 96, khutu likutuluka mafinya. Poyamba ndinkaganiza kuti mwandikwiyira, chifukwa ndikakulankhulani tili chigonere simunkayankha. Kenako ndinaona kuti zimachitika mukagonera kumanja. Simunadabwe kuti popita kutchalitchi ndimayenda mbali iyi masiku ano?"

Kumbusko anakhala pa mpando wa njerwa. "Ndiye bwanji osandiuza?"

"Ndinakuuzani. Pa Khirisimasi ija kunabwera alamu anga a Lumbani. Munandiyankha kuti khutu lanu ndi lomwe likudziwika Chilomoni yonse, ine ndimangolankhulira m'mphuno."

Kumbusko anakumbukira. Anakumbukiranso kuti alendo anaseka.

"Nanga akwaya?"

Angela anazengereza. "Ena akudziwa. Akafuna kunong'onezana pa pulakatisi amaima kumanzere kwanu."

Kumbusko anagwira pakamwa. Anthu makumi atatu, kawiri pa sabata, kumuyang'ana akugwedeza manja, akuloza anthu ndi chala, onse akudziwa chimene iye yekha sankadziwa.

Lolemba anapita kuchipatala. Dokotala anamuunika m'khutu ndi katochi, anamenya kachitsulo ka mphanda n'kukagunditsa kuseri kwa khutu, kenako pamphumi. Anati matenda aja anawononga m'kati, ndipo akanabwera chaka chomwecho mwina china chikanapulumuka. Panopa chofunika n'kusamala lomwe latsalalo. Atamva za mahedifoni anamuchenjeza kuti asamakweze voliyumu.

Kwa Betty anapita Lachinayi ataweruka. Betty ankakhala ku Chemusa, ndipo ankasoka zovala pakhonde la nyumba yake. Atamuona akukwera kanjira ka miyala, anaimitsa makina koma sanadzuke.

"A Msiska. Mwasochera?"

Kumbusko anavula chipewa. Anafotokoza zonse ataimirira, kuyambira kusitolo ya a Hussain mpaka kwa dokotala. Anati analakwa, ndipo adzanenanso zomwezo pamaso pa kwaya yonse. Anamupempha kuti abwerere.

Betty ankazunguza ulusi pa chala.

"Ine ndinkaganiza kuti mumadziwa, mukungobisa," anatero. "Ndiye mukuti simunkadziwa n'komwe?"

"Sindinkadziwa, mayi."

"Mayo ine." Anapukusa mutu. "Kubwerera sindibwerera. Ndinalowa kwaya ya amayi kuno, ndipo kukhosi kwanga kwayamba kumene kupola. Koma nyimbozo ndikufuna ndizimve."

Anabwera Loweruka m'mawa. Angela anamupatsa mpando wa pakompyuta. Kumbusko anamuveka mahedifoni, anaonetsetsa kuti chilembo cha kumanzere chili kumanzere, anaika balansi pakati, besi ndi tirebo pakati, voliyumu pang'ono. Iye anakhala pambali ndi kope ndi bolopeni.

Betty anamvetsera nyimbo zonse khumi osalankhula. Pa yachiwiri anatsinzina. Pa yachisanu anagwira pakhosi pake. Itatha yomaliza anavula mahedifoni n'kuwaika pamiyendo.

"Lembani," anatero. "Yoyamba, yachitatu ndi yachisanu ndi chiwiri zili bwino, maalito akungofunika kutsitsidwa. Willard angathe. Yachiwiri, yachisanu, yachisanu ndi chitatu ndi yomaliza mukajambulenso, palibe mmene angazikonzere. Zitatu zotsalazo zichotseni."

"Yachinayinso?" Imeneyo anaipeka yekha chaka chathacho, ndipo ndi yomwe ankafuna ikhale mutu wa kaseti.

"Makamaka imeneyo. Mzere wa besi munaulemba ukugundana ndi wa alito pa kolasi. Mabesi akhala akuusintha okha mwakachetechete, aliyense njira yake. Pa sidi apa pali mizere itatu yosiyana."

Bolopeni inaima m'dzanja la Kumbusko. "Chaka chonse?"

"Chaka chonse."

Kumbusko anapempha mahedifoni. Anaika mbali ya mabesi kukhutu lakumanja, anabwezera nyimbo yachinayi pa kolasi. Anamvetsera kawiri. Inalidi itatu. Analemba m'kope kuti, yachinayi ichoke.

Masana a tsiku lomwelo anaima kutsogolo kwa kwaya, manja ali kumbuyo, nawauza zonse. Palibe anaseka. Mayi wina wa alito analira, ndipo mkulu wa mabesi, a Laurenti, anangoyang'ana nsapato zawo. Kumbusko anafunsa ngati akufuna kwayamasitala wina. Anakambirana iye ali panja, kenako anamuitana n'kumuuza kuti apitirize, bola munthu akakweza dzanja kuti china chalakwika, azimumvera.

Willard atamva nkhaniyi anamupangira kawaya kosonkhanitsa mbali zonse ziwiri kuti zizimveka kukhutu limodzi. Nako Kumbusko ankamva kwaya yonse pamodzi, ngakhale sankathanso kudziwa kuti mawu akuchokera mbali iti. Nyimbo zinayi zija anakazijambulanso mu Januwale, maalito akuimba ndi mawu awo enieni. Kaseti inatuluka mu Malichi 1999 ili ndi nyimbo zisanu ndi ziwiri. Yoyamba kutuluka m'katoni Kumbusko anapita nayo yekha ku Chemusa. Betty anali atapita kumaliro ku Thyolo, choncho anaisiya kwa aneba.