Khadi Lomwe Linakana Kulowa

Bambo wina wojambula mapulani a nyumba anali atatopa nayo kompyuta yake. Akangoiuza kuti ionetse nyumba yonse mpaka denga, inkalira ngati chigayo kenako n'kuuma gwa, makasitomala ali pomwepo. Mlamu wake anamulangiza kuti agule khadi la zithunzi lamphamvu loika m'kompyutamo kuti izithamanga, ndipo iye anagulitsa njinga yake yamoto n'kukaligula.

Anafika nalo kwa wokonza makompyuta atalifungatira ngati khanda. Wokonzayo anatsegula bokosi la kompyuta, anayesa uku, anayesa uku, kenako anapukusa mutu.

"Achimwene, khadili ndi labwino, koma latalika, silikulowa. Ngakhale likanalowa, chogawa magetsi m'katimu n'chofooka, sichingalikwanitse."

"Ndiye tisinthe chiyani?"

"Zonse. Mwagulira nkhalamba nsapato zothamangira."

Atabwerera nalo kusitolo, eni sitolo anakana kulilandira chifukwa katoni yake inali itang'ambidwa kale. Mkazi wake pochokera kuntchito anamupeza atakhala pakhonde, khadi lili pamiyendo.

"Bambo a mwana, kompyuta ija yayamba kuthamanga?"

Asanayankhe, foni inalira. Anali kasitomala yemwe ankamudalira kwambiri, akupepesa kuti watopa n'kudikira, wapeza wojambula wina.