Sitima ya Anangumi

Abson Daka ankakhoma zidebe ndi mbaula pa msika wa Kabwata mu Lusaka. Ali mnyamata anachoka kwawo ku Katete n'kukafika ku Durban, kumene analembedwa ntchito yoponya malasha mu injini ya sitima yopha anangumi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka, boma la kumeneko linatenga sitimayo, kuipaka utoto wotuwa, kuchotsa mkondo wolasira anangumi n'kuikapo mzinga, kuti izilondera gombe. Palibe anamufunsa Abson maganizo ake. Anangopitiriza kuponya malasha mpaka nkhondo inatha.

Zimenezi ankafotokozera Oswell Chalwe yekha, mwamuna wa mwana wake Regina. Oswell ankakonda kukhala pabenchi pamene nkhalambayo inkadula malata, kumafunsa za kununkha kwa mafuta a nangumi ndi za mafunde otalika ngati nyumba. Abson analibe mwana wamwamuna, motero anam'tsegulira mtima wonse.

Mu 1979, asilikali a ku Rhodesia ataphulitsa nyumba mu Lusaka, achinyamata a Chipani cholamula anayamba kusaka akazitape. Oswell ankafuna utcheyamani wa nthambi ya pamsika. Tsiku la msonkhano anaimirira, osayang'ana kumene kunakhala Abson.

"Ba Daka ni apongozi anga, koma dziko lipambana banja. Anasewenzapo mu sitima ya nkhondo ya Mabunu. Ananiuza okha."

Atafunsidwa ngati zinali zoona, Abson anavomera. Anayamba kulongosola za anangumi, koma phokoso linamumeza. Achinyamata aja anam'duduluzira kupolisi malaya atang'ambika. Apolisi anamva nkhani yake yonse, anaona kuti palibe mlandu, n'kumumasula. Abson atabwerera anapeza malo ake pamsika apatsidwa kwa wina, zitsulo zake zili panja pamatope, ndipo Oswell ali kale tcheyamani.

Lamlungu potuluka m'tchalitchi Oswell anam'tsekera njira. Anati zinali ndale chabe, zinthu zikazizira adzam'pezera malo ena abwino. Abson anam'yang'ana kumaso.

"Pamene munali kunifunsa za nyanja," anatero, "n'nali kuyesa munikonda."

Anasamukira ku Chunga kwa mlongo wake Imelda, n'kumakhoma zidebe kuseri kwa nyumba. Regina ankabwera kudzamuona mobisa, atanamiza mwamuna wake kuti akupita kutauni. Adzukulu sankabwera nawo, poopa kuti akaulula kunyumba.