Impso ya Corinne ndi Duwa Lachikasu

"Thupi lanu layamba kuikana impso ija, Bambo Tollefson."

A Wendell Tollefson anamva mawu amenewa ali chiimire m'khitchini, foni ili kukhutu, mvula ikumenya zenera monga ichitira kwathu kuno ku Oregon. Wolankhulayo anali namwino wa ku chipatala chachikulu cha ku Portland. Anati magazi awo akuonetsa kuti mankhwala oteteza impso achepa kwambiri m'thupi, ngati kuti sakumwa n'komwe.

"Ndimamwa," anatero a Wendell. "M'mawa ndi madzulo. Sindinadumphitsepo."

"Ambiri amatero, bambo," namwinoyo anayankha mofatsa. Kufatsa kwakeko kunawapweteka kuposa kukalipa.

Impsoyo sinali yawo, ndipo nkhani yagona pamenepo. Zawo zinasiya kugwira ntchito chifukwa cha matenda a shuga, ndipo iwo anakhala nthawi yaitali akusefedwa magazi pa makina, mpaka mwana wawo mmodzi yekhayo, Corinne, mphunzitsi wa ana aang'ono, anawapatsa yake. Tauni yonse inadziwa. Kutchalitchi anawaombera m'manja. Anzawo akale a kufakitale yocheka matabwa ankawaseka pomwa khofi kuti, "Wendell, poti uli ndi chiwalo cha mtsikana, uziyamba kukodza chokhala!" Iwo ankaseka nawo, koma kuseka kwa mano okha.

Masana a tsiku lomwelo Corinne anafika ndi jekete lonyowa, osalivula n'komwe. Namwino anali atamuimbira nayenso.

"Ababa, mapilitsi mukuwataya kuti?"

"Iwe, ine bambo ako ndingakunamize?"

"Magazi ndiye akunama?" Corinne anakweza malaya pang'ono, kuwaonetsa chipsera cha pamimba. "Ichi sindinadandaule nacho. Ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha, kumeza timapilitsi basi. Nachonso chakukanikani?"

Anatuluka akulira. A Wendell anakhala pampando.

Tsono pali chimene Corinne sankachidziwa. Atachira opaleshoni, a Wendell sanapeze chimwemwe chimene aliyense ankachiyembekezera pankhope pawo. Mtima unangolemera. Tulo tinathawa, chakudya sichinkakoma, ndipo akaona mwana wawo akukwera masitepe mopuma, ankadzimva ngati mbala. Koma munthu wopatsidwa moyo ndi mwana wake angauze ndani kuti moyowo sukumukomera? Madokotala a ku Portland ankawaona mothamanga, maso ali pakompyuta. Corinne ndiye ayi, angamuuze bwanji?

Ndiye anapita mwakachetechete m'tauni yoyandikana ndi kwawo, kwa Mayi Sorensen, dokotala wa mankhwala achilengedwe, amene amathandiza anthu ndi zitsamba, zakudya ndi malangizo. Mayiwo anawapatsa tiyi, nawamvetsera mosafulumira. Kenako anafunsa momveka bwino kuti, "Pali mankhwala ena amene mukumwa? Munachitidwapo opaleshoni?"

"Ayi," anatero a Wendell.

Abale, bodza limeneli! Sanalinene ndi mtima woipa. Ankangofuna kuti pakhale malo amodzi pamene iwo ndi munthu wamba wa mtima wolemera, osati bambo wa impso uja. Mayi Sorensen anawapatsa timakapisozi ta duwa lachikasu lotchedwa la Yohane Woyera, limene ambiri kuno amamwa akakhumudwa. Ndipo kuchipatala akawafunsa ngati akumwa mankhwala ena, ankayankhanso kuti ayi. Mumtima ankati duwa si mankhwala, n'chimodzimodzi ndi tiyi.

Madokotala anawonjezera mapilitsi. Magazi anaonetsabe zomwezo. Anawonjezeranso, koma ayi ndithu. Mapazi anayamba kutupa. Tsiku lina dokotala wamkulu anawauza kuti ayambe kukonzekera mumtima kubwerera pa makina osefa magazi, ndipo ananena zimenezi Corinne ali pomwepo, maso ali kukhoma. 

Kuyambira pamenepo Corinne ankabwera kudzawayang'anira akumeza mapilitsi, n'kuwauza kuti ayasamule ngati mwana wa m'kalasi mwake. A Wendell ankayasamula. Akachoka, ankatenga botolo la duwa lija m'galimoto n'kumeza timakapisozi tochuluka kuposa kale, chifukwa chisoni chinali chitakula. Ankaimika galimoto pafupi ndi mtsinje, n'kumangoyang'ana madzi. Ankaganiza za impso ya mwana wawo, yathanzi, yopanda mlandu, ikuwolera m'thupi la nkhalamba. Ankati bola akanafa kale, Corinne akanakhala ndi zake zonse ziwiri.

Chifukwa chokhalitsa m'galimoto, msana unawagwira moti kuvala nsapato kunasanduka nkhondo. Anapita ku kachipatala ka m'tauni mwathu kwa Dokotala Petrakis. Mayi ameneyu ndi mmodzi wa madokotala aja amene anaphunzira zonse za chipatala, kulemba mankhwala ndi kuyeza magazi, koma anaphunziranso kuwongola mafupa ndi minyewa ndi manja.

"Gonani chafufumimba, Bambo Tollefson," anatero dokotalayo. "Koma inu, msana kapena thabwa la kufakitale kwanu? Mwasenza chiyani?"

"Palibe."

"Palibe sichilimbitsa munthu chonchi. Mukugona tulo?"

Munthu akagona chafufumimba sayang'anana ndi wina m'maso, ndipo pakamwa pamapepuka. A Wendell, nkhope ili pansi, anaulula zimene sanauzepo munthu wa kuchipatala aliyense. Ananena za tulo, za kudzimva ngati mbala, za mtsinje. Dokotala sanawadule mawu, manja akungoyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa msana.

"Nanga chisoni chonsechi mukuchipirira ndi chiyani?"

"Timaluwa chabe. Ta Yohane Woyera. Si mankhwala ayi."

Manja aja anaima.

"Dzukani, bambo. Pitani kugalimoto ndi kunyumba, mukaike m'thumba la pepala chilichonse chimene chimalowa m'kamwa mwanu chosakhala chakudya. Mapilitsi, zitsamba, mavitamini, tiyi, zonse. Mubwere nazo lero lomwe."

Atabwera nalo thumbalo, dokotala anatulutsa botolo lija n'kuliika pambali pa mankhwala a impso.

"Awiriwa sagwirizana," anatero. "Duwali limafulumizitsa thupi kutaya mankhwala oteteza impso. Inu mumameza ndithu, koma duwali limawasesa asanagwire ntchito. Simunaname za mapilitsi."

"Ndiye kuti ndaipha ndekha," a Wendell anatero. "Impso ya mwana wanga ndaipha ndi manja angawa."

"Sinafe. Koma tisachedwe. Ndiimbira a ku Portland tsopano lino, chifukwa mukasiya duwali mapilitsi anawonjezedwa aja akhala ochuluka kwambiri m'magazi. Ayenera kuwachepetsa akukuyezani. Musasinthe kanthu panokha."

Atamva kumene duwalo linachokera, dokotala anaimbiranso Mayi Sorensen, a Wendell akumva. Mayiwo atauzidwa za impsoyo, anapempha kulankhula ndi a Wendell.

"Kalanga ine," anatero. "Bambo Tollefson, ndinakufunsanitu. Mukanandiuza za impso, duwa limenelo sindikanakupatsani ngakhale kalimodzi. Ndikanayamba ndalankhula ndi madokotala anu. Zitsamba zili ndi mphamvu, n'chifukwa chake timazigwiritsa ntchito. Chinthu champhamvu yochiza chili ndi mphamvu yowononganso."

Chotsala chinali chovuta kuposa zonse. A Wendell anakapeza Corinne kusukulu ana ataweruka, akupukuta bolodi. Anaika botolo lija patebulo n'kumuuza zonse, osasiyako kanthu.

Corinne analitembenuza botololo m'manja. "Ndiye munalolera kuti ndizikuyasamulitsani ngati mwana, osandiuza kuti mtima ukukupwetekani?"

"Ndikanati chiyani? Kuti wandipatsa moyo koma sindikusangalala nawo?"

"Eya! Mukanatero basi!" Corinne anakuwa mpaka mawu anamveka m'khonde. Kenako anakhala pa kampando ka ana, mawondo ali m'mwamba. "Ababa, ine ndinakupatsani impso. Sindinakulamuleni kuti muzisekerera tsiku lililonse. Ndinkafuna bambo anga, kaya akuseka kaya akulira."

A Wendell analira pamenepo, m'kalasi ya ana, ndipo sanachite manyazi.

Anawagoneka ku Portland masiku angapo. Magazi anabwerera m'malo mwake, kutupa kunaphwa, ndipo makina osefa magazi sanawaonenso. Koma tisanamizane: mbali ina ya impsoyo inawonongeka, ndipo madokotala anati siidzabwereranso. Impso imene ikanawatumikira zaka zambiri mwina idzatopa msanga. A Wendell amadziwa zimenezi, Corinne amadziwanso, ndipo masiku ena zimawakhalira pamtima onse awiri.

Za chisoni chija, Dokotala Petrakis anawapezera mlangizi wokambirana naye, ndi mankhwala ogwirizana ndi a impso. Kwa Mayi Sorensen amapitabe, kukamva za kadyedwe ndi kagonedwe, koma tsopano mayiwo salola kanthu kalikonse asanafunsane ndi a ku Portland. Kulikonse kumene apita amanyamula thumba lawo la pepala, ndipo anzawo a khofi aja awapatsa dzina loti Bambo Kathumba. Iwo amangoti, "Sekani, koma thumbali likanabwera msanga, bwenzi impso ya mwana wanga ili yathunthu."

Phunziro lake ndi ili. Kupita kwa dokotala wa zitsamba kapena wowongola mafupa si mlandu, ndipo ambiri amathandizidwa. Koma chachilengedwe nachonso ndi mankhwala, ndipo chingalimbane ndi mapilitsi a kuchipatala. Aliyense amene akukuthandizani muuzeni matenda anu onse ndi zonse zimene mukumwa, ndipo musayambe kapena kusiya mankhwala musanafunse, pajatu safunsa anadya phula. Mtima ukalemera, amenewonso ndi matenda, nenani. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: dokotala, kaya wa mapilitsi kaya wa zitsamba, sangakutetezeni ku chimene mwamubisira.