Lamya ya Apongozi

Anzake a Bonface Sakala pochokera ku Halale ankabwera ndi mabulangete, nsapato, ena njinga. Iye anafika m'mudzi wa mkazi wake, kunsi kwa phiri la Mphangwe, atakoleka paphewa mkombero wa waya wakale umene akuluakulu a ntchito anautaya. Amayi a m'mudzimo anaupempha kuti apangire makoza. Iye anangomwetulira n'kuupachika kudenga.

Ku Halaleko anayamba ndi kukumba maenje a mitengo ya lamya. Kenako anamulola kukwera. Pomaliza ankakonza mabokosi olankhulira enieniwo, chifukwa khutu lake linkadziwa pamene mawu akuthawira. Tsiku lina anamasula chomvera cha lamya, napeza kachitsulo kopyapyala kamene kankanjenjemera munthu akamalankhula kutali. Anakayang'ana nthawi yaitali. Sanauze munthu, koma mumtima anati iyi ndi ng'oma basi.

Bonface sanali wolankhulalankhula, ndipo kuchikamwini zimenezi zinamukhala bwino. Ndi apongozi ake aakazi, a Nambewe, anali asanayang'anizanepo m'maso. Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira m'tchire. Pakakhala mawu ankatuma mwana, ngakhale onse awiri ali pabwalo limodzi.

Chaka cha 1924, chimanga chitangolowa m'nkhokwe, nthomba inagwira a Nambewe. Anawamangira msasa kutsidya kwa dambo, kutali ndi anthu. Wowasamala anayenera kukhala munthu amene nthendayo inamugwirapo kale n'kumusiya. M'mudzi monse nkhope ya zipsera inali imodzi yokha, ya Bonface, amene anadwala nthomba ali ku Halale.

Dinah, mkazi wake, anali ndi pakati, masiku atayandikira. Anali atamanga kale kamtolo koti atsatire amayi ake pamene a Solomoni, malume ake, anaima pakhomo.

"Iwe sukupita. M'thupimo sulinso wekha."

"Nanga amayi aziwapatsa madzi ndani?"

A Solomoni anayang'ana Bonface, n'kuyang'ananso pansi.

"Ndipita ine," anatero Bonface.

Anadzimangira kamsasa kake kuseri kwa chulu, poti apongozi asamamuone. Kumudzi sakanabwereranso mpaka nthendayo itatha. Chakudya ankachisiya patsinde pa mkuyu wa pakati pa dambo, iye n'kukachitenga. Akafika pamsasa ankawomba m'manja, n'kunjuta chofulatira, n'kukankhira mbale m'kati. Mwana woti amutume panalibe. Panali galu wa a Nambewe, dzina lake Alekeni, amene anawalondola tsiku limene ankawanyamula.

"Alekeni, uwauze apongozi kuti phala lafika."

M'kati munali zii. Madzulo anapeza mbale ili momwemo, nyerere zitaizinga.

Zinatero masiku angapo. Kenako m'mawa wina munatuluka mawu ofooka, osasa.

"Alekeni, uwauze apongozi asamavutike. Anthu ananditaya kale. Dinah walephera ngakhale kudzandisuzumira."

"Uwauze kuti amuletsa ndi a Solomoni. Akulira tsiku ndi tsiku."

"Uwauze kuti mawu otuma ndamva ambiri."

Bonface anakhala kuseri kwa chulu, mbale ili pamiyendo. Ku Halale anaona kuti odwala nthomba amene ankasiya kudya sankatuluka m'misasa ndi miyendo yawo. Dinah anayesapo kufuula ali m'mphepete mwa mudzi, koma mphepo ya padambo inkamwaza mawuwo, ndipo a Nambewe sakanatha kuyankha, pakhosi ponse pali zilonda.

Masana amenewo anthu a m'mudzi anamva chinthu chachilendo: Bonface akuitana mokweza. A Solomoni anabwera kumkuyu, naima chapatali kumene mphepo inkachokera.

"Bambo, munditengere waya uja. Ndikufunanso zikho ziwiri zazikulu. Muzidule kunsi, muzikunge chikopa ngati ng'oma."

"A Sakala, ine ng'oma ndinasiya tsiku limene ndinabatizidwa. Mukufuna abusa andidule?"

"Iyi si yovinira, bambo. Ndi yoti Dinah alankhule ndi amayi."

"Chikho chilankhule?" A Solomoni anakanda m'mutu. Anayang'ana kumsasa kumene utsi wochepa unkatuluka. Wodwalayo anali mlongo wawo, wobadwa naye bere limodzi. "Chikopa chanji?"

"Ndimati cha gwape."

"Gwape ngwokhuthala. Ndikapeza cha ng'azi. Chimamva ngakhale chala cha khanda."

M'mawa mwake zikho zinali zitakungidwa, ndipo anakunga bwino munthu amene ankati ng'oma anasiya. Pakati pa chikopa chilichonse anaboola kabowo, waya n'kulowa, n'kumangidwa pakamtengo kakang'ono m'kati. A Solomoni anazika nsungwi za mphanda kuchokera kumudzi mpaka pamkuyu, Bonface n'kupitiriza mpaka pafupi ndi msasa. Anakoka waya mpaka unalira akaukhudza.

Dinah analankhula m'chikho cha kumudzi. Bonface anaika khutu pa chake. Anangomva kung'ung'uza ngati njuchi za m'phanga la mtengo.

Anayenda motsatira waya, chala chili pamwamba pake. Pafupi ndi mkuyu unkanjenjemera ndithu, koma ukadutsa mphanda iliyonse kunjenjemerako kunkachepa. Ku Halale mawu ankayenda ndi mphamvu ya m'mabatire, ndipo waya ukanatha kugona pamtengo. Kuno kunalibe mphamvu ina koma kunjenjemera komweko, ndipo nsungwi iliyonse inkabako pang'ono. Anasenda luzi, napanga timagoli, waya n'kulendewera m'menemo osakhudza nsungwi. Anafuulira a Solomoni kuti achite chimodzimodzi kumbali yawo. Dzuwa linalowa asanamalize.

Kutacha anayesanso, koma kunali zii kuposa dzulo. Bonface anagwira chikopa, napeza kuti mame a padambo achifewetsa. Anasonkha kamoto n'kuchiwotcheza pang'onopang'ono. Kutsidya anaona utsi wina ukukwera. A Solomoni sanafunike kuuzidwa zimenezi. Chikopa chitauma chinalira chokha kuti go, go. Wina anali kugogoda kumudzi.

Anaika khutu. Mawu anabwera aang'ono, ngati a munthu wokhala m'mtsuko.

"Inu, mukundimva?"

Bonface anagwedeza mutu. Anagwedezanso. Kenako anakumbukira kuti Dinah sakumuona, ndipo anaika pakamwa pachikho.

"Ndikukumva."

Anamangirira chikhocho pamzati wa pakhomo pa msasa, maso ali pansi, n'kukoka waya mpaka unalimbanso.

"Alekeni, uwauze apongozi aike khutu pachikhopo. Akafuna kuyankha aikepo pakamwa."

Anabwerera kuseri kwa chulu. Kenako mphasa inachita phokoso, munthu akudzikhwekhwereza.

"Dinah? Ndiwe? Walowa bwanji m'chikho?"

Kunamveka kuseka kumene kunasanduka chifuwa. Za Dinah Bonface sankazimva. Ankangomva mbali ya amayi, ndi mipata yaitali pakati.

"Akukankha? Eya, ndi momwemo. Usamagone chagada."

Mpata.

"Ndinkayesa unachita nane mantha, mwana wanga."

Mpata wina, wautali. Bonface anatola kaudzu n'kumakaduladula.

"Ayi, sindinadye. Sindikunama, ndati sindinadye. Iwe, usandikalipire ngati ndine mwana wako."

Galu anatuluka, nadziwongola padzuwa.

"Alekeni," anatero mawu a m'msasa, "uwauze apongozi kuti phala lawoli lazizira."

Bonface anakatenga mbale chofulatira monga mwa nthawi zonse. Politenthetsa linapserera kunsi. Madzulo mbale inabwerera yopanda kanthu.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse timoto tiwiri tinkayaka, kena kumudzi kena kumsasa, ndipo zikopa zikauma mayi ndi mwana wake ankayamba. Ankakambirana za nkhuku, za mtedza wosasendedwa, za dzina la mwana. A Solomoni nawo ankabwera kudzati akungoona ngati chikopa chikadali cholimba, koma ankakhalitsa pachikhopo akukangana ndi mlongo wawo za munda wa malemu amayi awo.

A Nambewe anachira nkhanambo zonse zitayoyoka. Msasa anauwotcha pamodzi ndi mphasa, nsalu ndi chikho chomwe. Waya Bonface anaudutsitsa pamoto, a Solomoni n'kukunga chikho china, ndipo Bonface anaumanga kuchokera pakhonde pake mpaka pakhonde pa apongozi, poti Dinah aziitana amayi ake mwana akavuta. Mwanayo anabadwa wamkazi.

Tsiku lina Bonface akuchokera kudimba anakumana ndi a Nambewe panjira yopapatiza. Nkhope yawo tsopano inali ya zipsera ngati yake, koma anangoiona mwa kamphindi. Iwo anapatukira m'udzu kumanzere, iye kumanja, aliyense atafulatira, mpaka njira inatsala yopanda munthu.

Madzulo, nkhuku zikulowa, chikho cha pakhonde chinalira kuti go, go. Dinah anali kuseri akusambitsa mwana. Bonface anaikapo pakamwa.

"Dikirani ndimuitane."

"Musamuitane. Ndikufuna inuyo, apongozi."

Bonface anayang'ana uku ndi uku. Panalibe mwana woti atume, ngakhale galu.

"Phala lanu lija munkalipsereza masiku onse," anatero mawu aang'ono aja. "Ndinkangodya chifukwa cha ulemu."

"Pepani, amayi."

"Mwadya?"

"Ndadya, amayi."

"Chabwino. Ndimangofuna ndimve mawu anu popanda galu pakati."

Bonface anagwedeza mutu. Kenako anakumbukira, nayandikizanso pakamwa pachikho.